Galimoto ya Atate ndi Zithunzi Zolemera

Galimoto ya atate inakhala m'chisakasa kumudzi kwathu, kuseri kwa Sinda, mpaka nkhuku zinazolowera kuikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala. Inali pikapu yakalekale, yobiriwira m'malo momwe penti inatsalako, ndipo anaigula ine ndisanabadwe, atasunga ndalama za thonje kwa zaka zingapo. Pa nthawi yake inanyamula chilichonse, mtedza, feteleza, akwati, amayi oyembekezera, koma ntchito imene anthu amaikumbukira nayo ndi ya maliro. Munthu akamwalirira kuchipatala, abale sankakambirana n'komwe za mayendedwe. Ankangobwera kudzaodira pakhomo pathu, atate n'kuvala jekete, n'kutenga makiyi.

Atayamba kutupa miyendo ndi kubanika, anandiitanitsa. Ine ndimaphunzitsa kupulayimale ku Katete, ndipo pa ana awo awiri ndine wapafupi. Mlongo wanga ali ku Lusaka. Iyeyo amathandiza pafoni, makamaka ndi malangizo. Ndinawapeza atate atakhala pampando pafupi ndi chisakasa chija, ndipo sanazungulire. Iwo kwathu kuno anali mkamwini, choncho manda awo anali kwawo, kutsidya kwa mtsinje, mtunda woti wapansi amafika atatopa.

"Ine ndaperekeza anthu ambiri pa motoka iyi," anatero. "Tsiku langa likakwana, musakandikweze pa ya eni. Ndikapite pa yanga."

Ndinavomera, poti zotere mwana sakanira kholo lake, koma mumtima ndinadandaula. Galimotoyo inali isanalire kuchokera pamene ndinali kukoleji.

Loweruka lina ndinapita ndi makaniko wa ku Katete. Anagwiragwira, anathira mafuta m'mabowo a mapulagi, anapukusa injini ndi manja, n'kunena kuti ikadali ndi moyo. Chimene chinafa ndi kachipangizo kogawira moto kumapulagi, kamene iwo amati disitibyuta, ndipo kanali katasweka mosati n'kumatika. Iye anafunsa ku Chipata, osakapeza. Mlongo wanga anazungulira mashopu a ku Lusaka tsiku limodzi n'kutopa.

"Ivi vinthu vinasila kudala, madamu," anatero makanikoyo, kutanthauza kuti zinatha kalekale. "Yesani pa intaneti, kuli azungu amene amasunga vinyalala."

Umu ndi mmene ndinapezekera pabwalo lina la pa intaneti la anthu okonda magalimoto akale. Ambiri anali madala a kumayiko ozizira, opuma pantchito, otha kukangana sabata yathunthu za mtundu wa mabawuti. Ndinalemba nkhani yanga m'Chingerezi cha m'kalasi, ndikudikira kusekedwa. Sanandiseke. Bambo wina wokalamba, amene pamalo pa nkhope yake anaikapo chithunzi cha galu, anayankha kuti kachipangizoko ali nako m'galaja mwake ndipo atumiza ulere. Koma anati tizipangizo timeneti tili mitundu iwiri, ka injini zoyamba ndi ka zapambuyo pake. Kuti adziwe koyenera, ndinafunika kujambula nambala yodindidwa pambali pa injini, cham'munsi, n'kuika chithunzicho pabwalopo. Ndinaiona ngati ntchito ya kanthawi kochepa.

Walira mvula walira matope. Bwalolo linali lakale ngati eni ake, ndipo silinkalandira chithunzi chachikulu. Foni yanga, imene ndinkainyadira kuti imajambula bwino, inkatulutsa zithunzi zolemera zokhazokha. Kumudzi netiweki imapezeka pachulu cha m'munda mwa amalume basi. Ndinkaima pamenepo dzuwa likuswa mtengo, kuyang'ana kamzere kakukwawa mpaka kumapeto, kenaka mawu ofiira akuti chithunzi chakula kwambiri. Bandulo ya intaneti imakhala itapita, ine ndikutsika pachulu ndi chisoso m'chitenje.

Anthu a pabwalopo anandiphunzitsa moleza mtima, aliyense njira yakeyake. Wina anati ndigwiritse ntchito pulogalamu ya pakompyuta, ngati kuti makompyuta kuno amamera m'dimba. Wina anati ndidzitumizire ndekha chithunzicho ngati uthenga, chimachepa chokha. Chinachepadi, koma nambala ija inasanduka phala, osadziwika kuti apa ndi eyiti kapena ndi dzimbiri. Njira yotsala inali yodula: kuchotsa zonse za m'mbali n'kusiya injini yokha, kuti chithunzi chipepuke koma chizionekabe bwino.

Apa ndi pamene panali vuto la atate. Kachitsulo kochirikiza boneti kanatayika kalekale, ndiye pojambula pankafunika munthu woigwira, ndipo iwo sankalola wina aliyense. Komanso kwa anthu a msinkhu wawo kujambulitsa si nkhani yamasewera. Iwo anakula akupita kusitudiyo atasamba, atadzola, n'kukaima chilili ngati asilikali. Tsiku lina ndinawaonetsa zithunzi za anzathu a pabwalo aja, magalimoto onyezimira ataima pakapinga popanda munthu pafupi. Anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti eni ake ali kuti, kapena anamwalira. Galimoto yojambulidwa yokha, anatero, ndi ya kupolisi.

Choncho Loweruka lililonse ndinkawapeza atavala kale jekete ndi tayi, mapazi otupawo atawapanikiza m'nsapato zosamanga zingwe. Amayi ankapukuta magalasi ndi kusesa pansi, poti alendo saonetsedwa pakhomo posasesa. Atate ankatukula boneti n'kuima ndendende mbali imene kunali nambala, chifukwa ndi kumene kuwala kunkafika, nkhope yawo n'kumaoneka bwino. Jekete lawo ndi mthunzi wawo zinkaphimba pomwe ndinkafunapo.

Kodi atate ako odwala, atavalira chithunzi, ungawauze bwanji kuti tapatukani, simukufunika? Ndinayesa mozungulira. Ndinati mwina aime mbali inayo. Anati kumeneko kuli mdima, azungu adzayesa mwini galimoto ndi wakuba. Ndinati apumeko, ndiichirikize ndi mtengo; anati boneti imeneyi si chitseko cha khola. Ndiye ndinkawajambula iwo ndi galimoto yawo monga ankafunira, kenaka n'kuwerama msangamsanga kuba kachithunzi kudzera pansi pa mkono wawo asanatope. Ankatopa msanga. Boneti ikayamba kunjenjemera, ntchito ya tsikulo imakhala yatha.

Ndikabwerera ku Katete ndinkakhala m'chipinda cha aphunzitsi nthawi yopuma, anzanga akumwa tiyi, ine ndikudula. Ndinkakoka mizere ndi chala, kuchotsa denga la chisakasa, kuchotsa amayi ndi tsache lawo, kuchotsa atate kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kuti patsale injini. Foni nayo inkangodandaula kuti yadzaza, poti munali mapepala a mayeso, mavidiyo a kwaya ndi zina za gulu la kusukulu zimene sindinapemphe. Ndiye chodulidwacho ndinkasunga, chachikulucho n'kufufuta. Ndinkachita zimenezi osaganizira kawiri, monga mmene umatayira makoko a mtedza.

Ndikafika kumudzi funso lawo linali lomwelo, kuti azungu aja akuti bwanji. Ndinkawauza kuti akuti galimoto anaisamala bwino, ndipo zinali zoona, ena analembadi choncho. Tsiku lina anafunsa ngati tayi anaiona. Ndinati anaiona.

Kunena zoona ndinatopa. Ndinatopa ndi minibasi ya Loweruka, yodikira kudzaza mpaka munthu kuiwala kumene ukupita. Ndinatopa ndi chulu chija, ndi mlongo wanga woimba foni kufunsa kuti zafika pati, ndi madala a pabwalo aja amene tsopano ankakangana okhaokha za zithunzi zanga, wina atachikulitsa chimodzi mpaka kutsala timabokosi tokhatokha, n'kuzunguliza mzere wofiira pamene iye akuti pali nambala. Ndinawakwiyiranso atate, Mulungu andikhululukire, chifukwa chofuna chinthu n'kumachitsekereza okha. Pomaliza bambo wa chithunzi cha galu uja analemba kuti sakufuna kutichedwetsanso, angoyerekeza. Kwa iye injiniyo inkaoneka ngati ya zoyamba zija, ndipo anatumiza.

Phukusilo linayenda nthawi yaitali, moti chimanga chinakhwima lili m'njira. Linafikira kwa mlongo wanga, amene kamodzi kokhako anagwira ntchito ndi manja n'kulikweza basi. Tsiku loika kachipangizoko, atate tinawatulutsa panja pampando, ndipo anthu anasonkhana ngati pali msonkhano wa feteleza. Makaniko anakalowetsa kachipangizoko, anakatembenuza, anakatulutsa, anakayerekeza ndi kakale kaja, n'kupukusa mutu. Mwendo wa katsopanoko unali waufupi pang'ono. Kanali ka mtundu winawo. Atate anangopempha kuti tiwalowetse m'nyumba, akuti kunja kukuzizira.

Kuyambira pamenepo sanadzukenso pabedi. Loweruka linalo ndinalowa m'chisakasa ndekha. Ndinachirikiza boneti ndi mpini wa khasu, ndinapukuta pambali pa injini ndi kansanza ka palafini, ndinaunikira ndi tochi, ndinajambula. Nambala inaoneka yonse ngati yolembedwa pabolodi, ndipo ntchito yonseyo inatha madzi a tiyi amene amayi anateleka asanawire. Chithunzicho chinalowa pabwalo ulendo woyamba, poti ndinali nditasanduka katswiri. Bambo uja anapepesa kwambiri, ngati kuti wolakwa anali iye, n'kutumiza kena tsiku lomwelo. Ndinatsika pachulu osasangalala n'komwe.

Atate anamwalira kachiwiriko kali m'njira. M'mawa mwake mlongo wanga anafika ndi anzake a ku Lusaka, ndipo ananditengera pambali, kuseri kwa nyumba ya siwa. Anati masiku ano pabokosi pamaikidwa chithunzi, ku Sinda kuli malo osindikizira, ndipo popeza ndakhala ndikuwajambula nthawi yonseyi atavala bwino, ndisankhe chokongola ndimutumizire. Ndinatsegula foni. Injini, mapulagi, injini, injini. Ndinayang'ana m'zofufutidwa, munalibe kanthu. Ndinathamangira pachulu kukatsegula bwalo lija, kuti mwina china chinalowa chathunthu. Pa zonsezo chimodzi chokha chinali ndi atate: pakona yapamwamba, zala zawo zitagwira m'mphepete mwa boneti, ndi kansonga ka mkono wa jekete. Ndinalira pachulupo kuposa mmene ndinalirira pasiwa. Pabokosi anaikapo kachithunzi ka pachitupa chawo atakakulitsa, nkhope ya mnyamata amene anthu ambiri pamaliropo sanamudziwe.

Mlongo wanga anali atapangana kale ndi mnzake wina kuti galimoto yake, yoyera, yatsopano, inyamule bokosi. Amayi, amene chiyambire maliro anali asanakweze mawu, anatuma munthu kukaitana amalume. Zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangoona adzukulu, anthu okumba manda aja, akupopa matayala a pikapu ndi pampu ya njinga, ena akutulutsa zisa za nkhuku, ndipo amalume akubwera ndi ng'ombe zawo zapangolo zili pagoli. Anamanga tcheni kutsogolo. Anzake a mlongo wanga anayang'anizana. Mmodzi anatulutsa foni kuti ajambule, kenaka anaibweza m'thumba.

Pankafunika wogwira chiwongolero, ndipo amayi analoza ine. Tinatuluka m'mudzi injini ili zii, kumangomveka tcheni, ziboda, ndi nyimbo za amayi a kutchalitchi akutitsata m'mbuyo. Chiwongolerocho chinali cholimba moti mapewa anandiwawa sabata yonse, ndipo tayala limodzi linkaphwa, tonse n'kumaima kudikira apope. Potsetsereka kumtsinje amuna anagwira zingwe kumbuyo, poti mabuleki nawo anafa kalekale. Ng'ombe zinkayenda mwa ung'ombe wawo, moti nkhalamba za ndodo zinkatipitirira. Amayi anakhala pambali panga, atagwira chitseko chimene sichinkatsekeka, maso ali panjira. Tikuyandikira miyala ya powolokera anandigwira bondo.

"Pang'onopang'ono apa," anatero. "Atate ako akanyamula maliro sankagwedeza munthu."