Miyendo Yanga Pakhomo

Mdzukulu wanga amadyera mpira wa basiketi. Ndi wamtali moti polowa m'nyumba ya mayi ake ku Bordesley Green, kuno ku dziko la Angerezi, amachita kuwerama. Kutchalitchi amamutcha chimphona. Anthuwo sadziwa kuti ligi ya timu yake imagwa m'miyezi yozizira, ndipo ikangoyamba chimphonacho sichisiya kutsokomola.

Timu yonse imadwala mosinthana. Amayenda mitunda m'basi imodzi mawindo ali chitsekere, m'bwalo amapumirana kumaso, mpira wonyowa ndi thukuta umadutsa m'manja mwa aliyense. Uyu akamadzuka, uyo wagwa. Kochi amangoti imwani mapiritsi.

Loweruka lina ndinapita kukamuzonda, mayi ake ali kuntchito. Ndinkati ndimupeza m'bulangete. Ndinamupeza akulonga nsapato m'chikwama, milomo gwa.

"Iwe, ukupita kuti?"

Anayankha m'Chingerezi, monga achitira ana obadwira kuno. Kuli gemu ku Telford, anzake ena agona kale ndi matenda, ndipo iye akajomba kontrakiti yake apatsa wina.

"Kontrakitiyo ili ndi mapapo? Ikupumira ndiyo?"

"Agogo, it's just a cold."

Mawu amenewo ndimadana nawo. Kwathu kuli manda a mng'ono wanga, amene anapita kumunda wa fodya atauzidwa kuti ndi kachimfine chabe.

Ndinakhala pansi pakhomo n'kutambasula miyendo, kutseka njira. Mayi ake anamulera bwino, mnyamatayo amadziwa kuti mwana sadumpha miyendo ya munthu wamkulu. Munthu amene ntchito yake ndi kudumpha anangoima, chikwama paphewa.

"Dumpha tione," ndinatero.

Sanandidumphe. Anawerama n'kundinyamula ngati mtolo wa zochapa, n'kukandikhazika pasofa. "Pepani agogo," anatero, ulendo uno m'Chichewa. Chifuwa chake chinkandiotcha patsaya, jekete ali chivalire.

Anasewera gemu yonse. Lachiwiri anali m'chipatala, chibayo chitagwira mapapo onse awiri. Kochi anatumiza uthenga wapafoni, kachithunzi ka manja opemphera, basi. Mwana akadali pabedi ndi mapaipi m'mphuno, jezi yake inali itavalidwa kale ndi wina.

Anatuluka m'chipatala, koma mpaka lero akamakwera masitepe amaima pakati, dzanja pakhoma. Akuluakulu a mpingo amandifunsa kuti chimphona chathu chibwerera liti m'bwalo. Ndimawauza kuti akafunse kochi, mpweya wa mwanayu unatsala kwa iyeyo.