Bokosi limene anandidzutsapo

Ndikukumbukira bokosi lija bwino kuposa nkhope ya bambo anga. Linali lathabwa, la utoto wobiriwira wosupukasupuka, ndipo m'kati mwake munali makina osokera apamanja. Bambo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Luchenza. Atamwalira, abale awo anagawana njinga, wailesi ndi mabulangete, koma makinawo anatisiyira poti mwa iwo munalibe wodziwa kusoka. Amayi ankadziwa. Maganizo awo anali oti tikabwerera kwathu kwa Mpama azikasoka mayunifolomu, ine ndisasiye sukulu. Ndinali mu sitandade folo.

Tinakwera sitima yopita ku Limbe dzuwa litatuluka kale. M'bogi munali modzaza, mukununkha milamba youma, nthochi zakupsa ndi thukuta. Tisanakwere, amayi anamasula chopukusira cha makinawo kuti chisathyoke m'njira, anachikulunga m'mpango nachimangirira m'chiuno. Nthawi imeneyo aliyense ankadziwa kuti katundu wa m'sitima samuyang'anira ndi maso, amamukhalira. Wa thumba ankakhalira thumba lake, wa dengu kulipana ndi miyendo. Mipando itatha, amayi anandikhazika pabokosi.

"Esinati, khala apa. Kaya abwere ndani, usadzuke."

Titayenda ndithu, mlongo wanga Yohane, amene anali wakhanda, anadziipitsira kumbuyo kwa amayi. Iwo anapanikizika pakati pa anthu kupita naye kuchimbudzi, kumapeto kwa bogi.

Apo ndi pamene anatulukira agogo ena aamuna, a imvi mutu wonse, jekete lakuda, ndodo m'manja. Anaima patsogolo panga penipeni, kutsokomola, kugwira msana, kuusa moyo. Sanandipemphe kanthu. Ntchitoyo anawagwirira anthu ena.

"Mwana wa ndani ameneyu?" anayamba mayi wina wogulitsa nsomba, amene mwiniwake anali phwathalala pathumba lake. "Agogo aimirira, iwe uli phee ngati bwana?"

"Amayi anati ndisadzuke," ndinayankha.

Bogi yonse inandiseka. Bambo wina wa tayi, amene anali pampando weniweni, anapukusa mutu. "Ndiye kuti amako sanakuphunzitse mwambo. Dzuka msanga!"

Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa. Bamboyo anali ndi mpando, miyendo yake inali yabwinobwino, koma ulemu wonse wa m'bogimo anauona kuti ukhale wochokera kwa kamwana kamasiye. Wina anandikoka mkono, ndipo ndinadzuka misozi ili m'maso. Agogowo anakhala pabokosi pathu mwapang'onopang'ono nati, "Zikomo mdzukulu wanga, Mulungu akudalitse."

Posakhalitsa sitima inaima pa kasiteshoni kena ka kutchire. Otsika ndi okwera anakankhana, ine ndinapanikizidwa kuseri kwa thumba la makala, osaona kanthu. Anthu atachepa, pamene panali bokosi panangotsala makoko a nzimbe. Ndinathamangira pazenera. Agogo aja anali akulowa m'munda wa nandolo, bokosi lili paphewa, ndodo ili kukhwapa, akuyenda ngati mnyamata wopita ku mpira. Msana unali utapola. Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa, koma sitima inali itanyamuka.

Amayi atabwera, ndisanatsegule n'komwe pakamwa, mayi wa nsomba uja anali atayamba kale.

"Mayi, mwana wanuyu ngopusa. Katundu amasiyira munthu wosamudziwa?"

"Ana a masiku ano tulo," anawonjezera wa tayi uja.

Anthu omwewo! Pakamwa pomwepo pamene panandidzutsa! Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani. Ndinafotokoza zonse ndikusisima. Amayi anawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo wa tayiyo anayamba kuona kunja ngati kuli zachilendo. Kenaka amayi anandikokera pachifuwa pawo.

"Mwana wanga anamvera akulu. Akuluwo ndiwo alibe manyazi."



Mayunifolomu aja sanasokedwe. Amayi anakalamba akugulitsa zitumbuwa pa Boma ndi kulima maganyu, ine ndinalekera sitandade sikisi. Chopukusira chija anachipachika pamsomali m'nyumba, ndipo sindinawamvepo akunena kuti tichitaye. Atamwalira ndinachitenga ine, chili m'sutikesi mwanga.

Masiku ano timayenda pa maminibasi, ndipo ana ambiri sadzukiranso munthu. Anzanga amadandaula nazo, ine sindiyankhapo. Ulemu sindidana nawo, inenso imvi zandimera. Koma ndikaona mwana atakhalira katundu wa amake podikira basi ku Limbe, akuluakulu n'kuyamba kung'ung'udza, ndimadzuka ineyo kupereka malo anga. Kenaka ndimamuyang'ana mwanayo m'maso n'kumuuza kuti, "Iwe khala pomwepo."