Ndinapita Kukabweza Thoko

Ine sindinagulepo chinthu pa mtengo umene mwini wake wayamba kutchula. Ndinakulira pa kaunjika ku Limbe, ndipo kuno ku Birmingham Loweruka lililonse ndimakhala pa msika wa car boot, kugulitsa azungu zinthu zimene ndinagula kwa azungu anzawo sabata yatha. Choncho achemwali anga, amake Thoko, atandiimbira foni kuti mwana wawo akuthawira ku Portugal, ndinawauza kuti agone tulo. Ndinati angondipatsa m'mawa umodzi, mtsikanayo abwerera yekha kwawo ku Erdington, chikwama kumanja, akundithokoza.

Thokoyu anabadwira konkuno, ndipo ndi wamtali moti akamalowa m'nyumba mwanga amawerama. Ku yunivesite ankasewera lacrosse, masewera othamanga ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kumapeto, ngati ija tinkathyolera mango a eni ake. Zinanditengera zaka kuti abale kumudzi amvetse kuti masewerawo ndi otani. Atangoyamba kumvetsa, mwini wake n'kusiya. Akuti lacrosse salipira, ngakhale ya basi ankadzilipirira yekha, ndiye wabwerera ku basketball imene ankasewera ali ku sekondale, ndipo timu ya m'katawuni kena ku Portugal yamutenga kwa sizoni imodzi. Chonsecho chipatala china konkuno chinali chitamulemba kale ntchito ya mafizo, yoyamba Lolemba, ya penshoni. Akakwera ndege, ntchitoyo ipita kwa wina.

Achemwali ndi nesi, ndipo tsikulo anali pa shifiti. Anati iwo alankhula mpaka kukhosi kwauma, tsopano yafika nthawi ya mwinimbumba. Ndinajomba msika, n'kuvala jekete ya kutchalitchi.

Tinanyamuka ku Erdington cha m'ma 9, kukugwa kamvula ka kuno kaja kamene sumakaona koma umangozindikira wanyowa. Thoko ankafuna sitima: kutsika pa New Street, kukwera ina, ola lisanathe tafika. Ndinakana. Munthu satsitsa mtengo akadali ndi mphamvu, umayamba wamutopetsa kaye. Ndege inali ya madzulo, ndipo mwamwayi tayala la chikwama chake linali lothyoka, ndiye ndinati mwana wa achemwali anga sangakafike kwa eni ake akukoka chikwama chotsimphina, tidzere ku Sparkhill ndikamugulire china. Tinakwera basi. Tikiti ya tsiku lonse ndi pafupifupi mapaundi asanu munthu mmodzi, ndipo umangogunditsa khadi pa kamakina kamene sikamva zoti tilipo awiri, titsitsireni.

Titakhala m'mwamba mwa basi ndinayamba ndi njira yoyamba, kunyoza katundu. Ndinamufunsa malipiro. Anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana a kuno ukawafunsa m'Chichewa, ndipo ndalama imene anatchula imachepa kwa ya munthu wosamalira nkhalamba. Anawonjezera kuti akamupatsa chipinda chogona awiri ndi chakudya kawiri pa tsiku. Ndinaseka mokweza kuti kuseka kwanga kumulowe. Ndinati ku Limbe mlonda wa pa golosale amapatsidwanso zomwezo, koma salumphalumpha. Kenako ndinamufunsa kuti bondo likakathyoka akatani. Anati ndiye ubwino wophunzira mafizo, akadzikonza yekha.

M'tauni tinasintha basi n'kukwera nambala 6, yotsata Stratford Road. Kumbuyo kwathu kunakhala mayi wina wa ku Zambia, atavala yunifolomu ya ku care home, kosamalira nkhalamba, maso ofiira ndi tulo. Anamva Chichewa changa ndipo sanadikire kuitanidwa. Anafunsa ngati mwanayo ndi wanga, n'kudabwa kuti kutalika anatengera ndani poti ine ndimafika paphewa pake. Ndinamufotokozera nkhani yonse, poganiza kuti ndapeza mboni. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyasamula.

"Ba uncle, nanga imwe pobwela kuno, pension inali kukuyembekezani pa airport?"

Ndinati iyi ndi nkhani ya pabanja. Iye anati ndi zoona, koma ndaiyamba ndekha m'basi ya boma. Asanatsike ku Sparkbrook anajambulitsa ndi Thoko pa foni yake, akuti mwana akadzatchuka anthu asadzamutsutse.

Ku Sparkhill tinafika dzuwa likanakhala pamutu kukanakhala kuti kuno kuli dzuwa. Ndinasankha sitolo ya mkulu wina wa ndevu zoyera, zikwama zitaunjikana mpaka kudenga. Ndinauza Thoko kuti ayang'anitsitse, zimene aone pano ku yunivesite kulibe. Mkuluyo anati mapaundi 45. Ndinati 20. Anagwira pamtima. Ndinakoka zipi, n'kupukusa mutu ngati ndaona maliro. Anatsika pang'ono, ndinakwera pang'ono, tinakakamirana. Ndiye ndinachita chimene chandidyetsa moyo wanga wonse: ndinamuthokoza mwaulemu, n'kutembenuka, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo. Wogulitsa aliyense amaopa msana wa kasitomala. Phazi langa lisanaponde panja anandiitana, ndipo chikwama chinatuluka pa 28.

Ndinayang'ana Thoko kuti andiyamikire. Anali atabisala kuseri kwa maambulera chifukwa cha manyazi, ndipo anandionetsa pa foni chikwama chomwecho pa 25, kubweretsa pakhomo ulere. Ndinamuuza kuti cha pa foni sichikhala ndi zipi yolimba. Tinasamutsa zovala pomwepo, nsapato zake zazikulu ngati mabwato, ndipo chikwama chakale mkulu uja anati tisiye atitayira. Tikutuluka ndinamuona akupima tayala lija ndi diso la munthu amene wadziwa kale mtengo wake.

Tinalowa m'kalesitilanti kapafupi, masamusa a nyama paundi imodzi imodzi, ndi tiyi wamkaka wa tsabola amene amakutsegula mphuno. Apa ndinaponya njira yachiwiri, basera. Ndinati akatsala ndimupatsa galimoto yanga azipitira kuntchito. Anafunsa ngati ndi yomwe ija timaikankha pa Khirisimasi. Ndinasiya za galimoto n'kutulutsa katundu weniweni. Ndinamukumbutsa kuti mayi ake agwira mashifiti a usiku zaka zonsezi kuti iye adzakhale ndi ntchito yokhazikika, ndipo kuti akachoka m'nyumbamo mutsala munthu mmodzi ndi ketulo.

Apa sanaseke. Anasiya samusa pa mbale, n'kuyang'ana mabasi akudutsa pawindo. Atalankhula, analankhula m'Chichewa chake chopindikapindika, chimene amachitulutsa pa maliro pokha.

"Amalume, chipatala chidzakhalapo ndikadzakula. Maondo anga sadzakhalapo. Ndikufuna ndiyese kamodzi."

M'maso mwake munali misozi. Munthu wina akanamva chisoni. Ine ndinamva chisoni ndithu, koma ndinaonanso chimene wamalonda amaona: mtengo wayamba kugwedezeka.

Tinapitirira ndi nambala 6 yomweyo mpaka ku Solihull, kumene nyumba zimatalikirana ndipo agalu amavala majuzi. Kumeneko tinakwera basi ya ku bwalo la ndege. Njira yonse sindinalankhule kanthu, dala, kuti mawu aja amuphike. Iye anatsamiritsa mutu pagalasi. Chikwama ndinkakoka ndine, ndipo zipi yake inali itayamba kale kutseguka pakona.

Pa bwalo la ndege tinafika cha m'ma 2. Ndinamulola kupereka chikwama kwa a ndege, sindinadandaule. Katundu amabwezedwa tsiku lililonse. Tinakafika pamene operekeza amathera, pa timageti tagalasi totsegula ndi tikiti. Anaima, n'kundiyang'ana. Anati mwina ayimbirenso amayi ake kaye. Anaikanso chikwama cha kumsana pansi. Abale anga, munthu woti watsimikiza za ulendo saika chikwama pansi. Ndinadziwa kuti chatsala ndi kukankha kamodzi kokha, ndipo ndinkadziwa kankhidwe kake.

"Chabwino, Thoko. Ine ndalankhula, ndatopa. Uyende bwino."

Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda monga ndinayendera ku Sparkhill, pang'onopang'ono, makutu onse ali kumbuyo. Ndinadutsa pogulitsa khofi. Ndinadutsa posinthira ndalama. Ndinaima n'kuwerama kumanga chingwe cha nsapato, ngakhale nsapato zanga za kutchalitchi zilibe zingwe. Ndinawerenga chikwangwani chonse cha zinthu zoletsedwa m'ndege. Ku Limbe palibe amene anandisiyapo kufika patali chonchi.

Nditacheuka, ndinaona mutu umodzi pamwamba pa mitu yonse, tsidya lina la magalasi, ukusunthira kutsogolo pamzere. Ana a kuno anakulira m'masitolo a mtengo wolembalemba. Ukawauza kuti uyende bwino n'kutembenuka, amakhulupirira kuti watseka sitolo.

Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Thoko, m'Chingerezi. Anati zikomo amalume chifukwa chosacheuka. Akuti ndikanangoima naye pang'ono n'kumugwira dzanja, sakukhulupirira kuti akanalowa. Akuti anaona kuti ndikuyenda mwaulemu kuti ndimupatse mpata wolimba mtima, ndipo sadzaiwala.

Ndinakhala pa benchi kwa kanthawi, pafupi ndi mzungu wina amene ankadya sangweji ya mtengo wa masamusa asanu. Nditakhala pamenepo ndinazindikira kuti msana umagwira ntchito kwa munthu amene akufuna kugulitsa. Thoko sankagulitsa kanthu.

Pobwerera ndinakwera sitima imene ndinaikana m'mawa. Kasitima kochoka pa bwalo la ndege kupita ku siteshoni n'kaulere, chinthu chokhacho chimene ndinapeza pa mtengo wabwino tsiku limenelo. Tisanafike pa New Street achemwali anaimba, ali pa buleki. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma ndinangoti mwana wapita. Kumbuyo kwawo kunkamveka mabelu a m'wodi. Anafunsa ngati wadya. Ndinati wadya masamusa. Anafunsa ngati analira. Ndinati pang'ono. Anapuma mozama, ndipo mawu awo sanamveke ngati a munthu amene waluza.

"Zikomo achimwene. Ndiye kumudzi akafunsa kuti mwana wasiyiranji ntchito ya chipatala, ndiwauza kuti nkhaniyi inali m'manja mwa amalume ake, ndipo amuperekeza okha mpaka pakhomo la ndege. Mafoni onse azibwera kwa inu."

Ndisanayankhe anawonjezera kuti tchuthi cha mwezi wamawa anapempha kale kwa bwana wawo, akufuna akaonere gemu yoyamba, ndipo popeza njira ya ku bwalo la ndege ndikuidziwa tsopano, ndidzawaperekeze. Anati buleki yatha, n'kudula.

Thoko ali ku Portugal, akulumpha. Achemwali ayeretsa dzina lawo kwa abale onse osatuluka m'wodi. Ine ndili ndi mafoni atatu a kumudzi ku Thyolo amene sindinayankhe, komanso mwana amene akuuza anzake kuti palibe munthu amene anamumvetsa ngati amalume ake. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani: pa msika umenewu anawina ndani?