Mitambo imene amayi anandituma kuijambula

Foni ija ndimaikumbukabe: yakuda, galasi long'aluka pakona, kumbuyo kwake komangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe. Inali ya amalume, mlongo wawo wa amayi, telala wa ku Satwa mumzinda wa Dubai, ndipo ndinkakhala nawo m'kachipinda ka pamwamba pa shopu yawo. Chaka cha korona makasitomala anasiya kubwera, amalume n'kumangosoka mamasiki a zidutswa za nsalu. Foniyo anandisiyira ine kuti ndizilowera m'kalasi ya pa intaneti. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Amayi ankalera mwana wa azungu ku Marina, dera la olemera la mumzindawo, ndipo ankagona komweko. Poyamba ankabwera Lachisanu lililonse pa sitima ya Metro, atanyamula zotsala za m'firiji ya madamu. Matenda atavuta, madamu anati khalas, basi zatha, wantchito asatulukenso, angabweretsere mwana kachilombo. Inenso ndinali mwana wa munthu, koma zimenezo mu kontrakiti munalibe. Ndege zitayambanso kuuluka, banjalo linathawira kwawo kumpoto kwa Ulaya, n'kutenga amayi pamodzi ndi masutukesi. Sitinatsanzikane maso ndi maso.

Patapita sabata, pafoni panabwera chithunzi. Thambo lakuda, mitengo m'munsi, ndipo pakati mitambo yowala yokha, yotuwa mwabuluu, yopyapyala ngati ulusi wosomphoka ku nsalu. Amayi ataimba anandiuza kuti bwana wawo, mwamuna wa madamu, mitamboyo inamuzunguza mutu. Dzuwa likalowa ankatenga kamera, iwo n'kumunyamulira choimikira kamerayo ndi fulasiki ya tiyi, kukaima m'munda udzudzu ukuwadya. Ine ndinafunsa funso langa la tsiku lililonse: mubwera liti?

"Thambo ndi limodzi, mwanangu," anatero. "Uzikwera padenga dzuwa likalowa. Tsiku limene udzaijambule mitamboyi n'kunditumizira, ine ndabwera."

Mwana ukamupatsa ntchito amaigwira ndi mtima wonse, ndipo nkhanza yake ili pamenepo. Madzulo aliwonse a nyengo yotentha ija ndinkakwera masitepe achitsulo, manja akupsa. Denga linkatulutsa moto umene lamwa tsiku lonse. Makina oziziritsa m'nyumba ankalira n'kumadontha madzi, nkhunda zikusuntha pamwamba pa matanki, fungo la anyezi wokazinga likukwera kuchokera m'zipinda za aneba. Foni ndinkaitsamiritsa pachitini cha mkaka, n'kuichirikiza ndi zikulungo za ulusi kuti isagwedezeke, chifukwa amayi anati bwana amati chithunzi cha mumdima sichifuna dzanja lonjenjemera. Ndinkadikira kuitana kwa kumzikiti kuthe, kenako n'kuyang'ana kumene dzuwa lalowera mpaka khosi kuwawa. Kunali fumbi lofiirira basi, ndi magetsi a nyumba zosanja.

"Yalla, fulumira, tsika, udzakomoka kumeneko!" amalume ankafuula ali pansi. Ndikawaonetsa zithunzi zanga, ankangoti inshallah, Mulungu akalola, maso ali pasingano. Nthawi imeneyo ndinkati alibe chidwi. Lero ndikudziwa kuti ankaopa kundiyang'ana.

Tsiku lina m'kalasi ya sayansi ndinaonetsa chithunzi cha amayi, n'kufunsa nthawi yabwino yojambulira mitamboyo. Aphunzitsi anasangalala kwabasi, ngati ndawapatsa mphatso. Anafotokoza kuti mitamboyo ndi ya timadzi toundana, ili m'mwamba kuposa mitambo ina yonse, n'chifukwa chake dzuwa limaiwalirabe pansi pano kutada. Kenako anamaliza akumwetulira: imaoneka kumayiko akutali ndi kuno okha, ku Dubai sindidzaiona ngakhale nditadikira mpaka imvi. Timankhope ta anzanga pagalasi tinayamba kuseka. Ndinazimitsa kamera, ndipo aphunzitsiwo ndinawada mpaka teremu inatha. Kwa ine nkhani inali yapafupi: wina mwa awiriwa akunama, ndipo sangakhale amayi.

Madzulo ena mwayi unaoneka ngati wandigwera. Mzere woyera unatsala m'mwamba dzuwa litalowa, ukuwala, ukumwazika pang'onopang'ono. Ndinajambula kakhumi, ndinatsika masitepe osawaona, n'kutumiza. Ndinafika posesa m'chipinda ndi kuyala bwino matiresi. Amayi ataimba anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Unali utsi wa ndege.

"Yakongola, mwanangu," anatero. "Koma si imeneyo. Usatope."

Kumbuyo kwawo mwana wa madamu anayamba kulira. Anamunyamula, n'kuyamba kumuimbira kanyimbo kamene ankandigonetsera ine, foni asanadule. Ndinamvera mpaka kumapeto. Zimandiwawabe.

Nyengo itapita, amayi anati mitambo yatha, iyambanso chaka chamawa. Sanabwere chaka chimenecho, ngakhale chotsatira chake. Ndili wamkulu, amalume anandiululira kuti amayi ankadziwa zonse kuyambira tsiku loyamba, chifukwa bwana anawauza kuti ku Dubai kulibe mitamboyo. Pasipoti yawo inali m'dirowa ya madamu. Tsiku lobwerera loti andipatse analibe, ndiye anandipatsa thambo. Pena ndimawamvetsa, pena ayi. Akanangonena kuti sakudziwa, ndikanalira sabata imodzi n'kuleka.

Koma ine wa zaka khumi ndi ziwiri uja zonsezi sindinkazidziwa. Madzulo omaliza padenga paja ndinapukuta foni ndi malaya, ndikuyang'anitsitsa mng'alu wa pakona, ndipo ndinapeza chifukwa. Ndinatsika n'kupempha amalume kuti asinthitse galasilo nyengo yotentha isanabwerenso, poti ndi limene likuchedwetsa amayi. Makina osokera anaima. Amalume anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta, ine n'kumadabwa kuti galasi la foni lavutanji.