Nkhono Yolankhula ya ku Lungwena

Tili ku yunivesite, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, aphunzitsi athu a zaumoyo anatitengera ku Lungwena. Anali bambo wamfupi, wokonda nthano moti ngakhale potikalipira ankayamba ndi "padangokhala". Sindikuwonjezera ayi.

Iwo ankati phunziro ukaliika malo amodzi limagona tulo. Choncho nkhani ya likodzo anatiuza kuti tiigawe: chiyambi pa kaseti, pakati tijambule pansalu, mapeto tichite sewero. Mayeso ake anali akuti adzaloza munthu aliyense wa m'mudzimo kuti afotokoze nkhani yonse. Akalephera iyeyo, talephera ife. Ine phunziroli ndinali nditalilephera kale, ndipo kulepheranso kunali kunyamula sutikesi n'kubwerera kwathu.

Kaseti tinaiyatsa m'mawa padoko, asodzi akutsitsa nsomba. Mabatire anali otopa, ndiye nkhono yofalitsa likodzo ya m'nkhanimo, yomwe ndinkailankhulira ine, inatuluka ndi mawu a mvuu yodwala chimfine. Mabatirewo tinawayanika pathandala limodzi ndi usipa, ndipo mayi wina anatsala pang'ono kuwagulitsa. Nsalu tinaipachika masana pamalo pomwe amayi amachapira. Sewero tinachitira pafupi ndi mzikiti, pamaso pa akuluakulu osoka maukonde. Ndinakwawa pamchenga wotentha nditabereka dengu ngati chigoba cha nkhono, ndipo maondo anga mpaka lero sanamerenso ubweya. Amene akukayika abwere adzaone.

Chimene sitinaganize n'chakuti msodzi akachoka padoko amakagona, ndipo amayi sakakhala pomwe amuna akusoka maukonde. M'mudzi monsemo panalibe amene anamva nkhani yonse.

Aphunzitsi analoza msodzi wina wa kofia yoyera. Ine ndinayamba kuganiza za basi.

"Ine, achimwene, ndili ndi mutu wokha," anatero msodziyo. "Mimba ili ndi akazi anga."

Anawaitana. Mayiwo anabwera manja ali thovu lokhalokha.

"Mwana uja anakodza magazi chifukwa chosambira m'mabango," anatero.

"Nkhono sinanene za mabango," anatero msodzi uja.

"Inu munamva nkhono ikulankhula, muli ndi tulo m'maso. Ine ndinaona mwanayo pansalu, kabudula wake wofiira."

Anatsutsana mpaka nkhani inalumikizana yokha, bwino kuposa mmene tinaikonzera. Atafika pothera, bambo a mayiwo anaika ukonde pansi.

"Mchira uli ndi ine," anatero mkuluyo. "Mwana anapita naye kuchipatala, anachira. Koma nkhonoyo, ambwana, inapsa maondo."

Aphunzitsi anasanthula yankholo kwa nthawi yaitali moti usipa wina unauma. Kenaka anati analoza munthu mmodzi, koma popeza banja lonse layankha osawakakamiza, tapambana.

Pobwerera anandinong'oneza kuti ndinachita bwino, kungoti chibadwire sanaonepo nkhono yothamanga chonchija.