Fizi ya Thokozile M'manja mwa a Jasper

Lufina wakhala akulima kachewere kumtunda kwa Lizulu kuyambira ali mtsikana, ndipo msana wake umadziwa kulemera kwa thumba kuposa sikelo. Mwamuna anapita ku Joni kalekale, osatumiza ngakhale moni. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, akagulitsa pamsewu ankapatula kangachepe n'kukasunga ku banki, pa akaunti yotseka ya fizi ya mwana wake Thokozile. Lamulo lake linali limodzi: osakhudza mpaka nthawi itakwana, kuti chiwongoladzanja chidzatuluke chonse.

Thokozile atasankhidwa kukoleji ya unamwino, kunatsala miyezi iwiri kuti nthawiyo ikwane. Apa mpamene bambo ake a Lufina, a Jasper, anayamba zawo. Nkhalambayi inathera mapapo m'migodi, ndipo ndalama imene inalonjezedwa ikuidikirabe mpaka lero. Ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chipepala chodinda bwino nawonso ali nacho, chawapatsa chiyani? Anasiya kudya, n'kumangodandaula kuti mdzukulu wawo apusitsidwa.

Lufina anatopa nazo. Anapita ku boma n'kutapa ndalama zonse kuti bambo ake akazione ndi maso. Kalaliki analankhula zambiri, koma iye maganizo anali pa minibasi yobwerera. Ankaziona ngati za nkhokwe: ukatapa dengu n'kubwezamo dengu, palibe chatayika. A Jasper anazigwira, anazinunkhiza, tsiku limenelo n'kudya bwino.

M'mawa mwake Lufina anabwerera nazo ku banki, zomangidwa ndi labala yemweyo. Kalaliki anamuuza kuti chiwongoladzanja cha chaka chino chadulidwa, pa kotsalako achotsapo msonkho, ndipo akazitsekeranso zidzatuluka chaka chamawa.

"Koma ndi zomwezija, achimwene. Zangogona kunja tsiku limodzi."

"Kwa ife ndi zatsopano, mayi."

Anazisunga pa akaunti wamba, fizi itaperewera ndi mtengo wa matumba anayi. Mtima unamuwawa, koma mphamvu zokwiyira munthu analibe. Kunyumba anangoti zonse zili bwino.

Loweruka a Jasper anakhala pakhonde, kuuza aliyense wodutsa kuti sukulu ya mdzukulu wawo anaigwira ndi manja awo, si zongomva ayi. Kuseri kwa nyumba Lufina ankamangirira panjinga matumba a mbewu imene anasungira dzinja likubwerali. Thokozile apita kukoleji. Munda wakumtunda chaka chino ugona.