Dzina limene ndinapatsa apongozi

Apongozi anga amakonda kunena pagulu kuti mwana wawo anakwatira mbuli yosatha kulemba dzina lake. Ine ndimangoyang'ana pansi.

Chaka chatha ku mishoni kwathu anaika zithunzi zakale mu kompyuta. Ukaiuza dzina la nkhope imodzi, imamusaka yokha munthuyo m'zithunzi zonse. Nditapita kukalembetsa ubatizo wa mwana, mlembi anandilozera mtsikana wina pa chithunzi cha kwaya.

"Mayi, awa mukuwadziwa?"

Mpata wa m'mano uja ndinauzindikira. Anali apongozi.

"Ndi a Nachisale," ndinayankha chapansipansi, mlembi n'kulemba dzinalo mu kompyuta. A Nachisale ndi mayi amene apongozi amalimbirana nawo malire a munda wa fodya.

Lamlungu apongozi anatenga anzawo a kwaya kukawaonetsa utsikana wawo. Kompyuta sinapeze dzina lawo. Ngakhale pa chithunzi cha ukwati wawo, inati woima pambali pa malemu amuna awo ndi a Nachisale. Anzawo anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Malemuwo ndinawalakwira, ankandikonda. Koma sindinakakonzebe.

Apongozi anafika kunyumba akutukwana. "Chimakina chosaphunzira!"

Ndinayang'ana pansi monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo ndinkabisa mano.